Gulu la Serpent Players: zisudzo zimene zidazenga mlandu boma la tsankho

M'mbiri ya zisudzo za kummwera kwa Africa muli magulu owerengeka okha amene adayamba chimanjamanja ngati gulu la Serpent Players koma n'kudzamveka kutali monga lidamvekera gululi. Lidabadwa m'chaka cha 1963 ku New Brighton, lokeshoni ya anthu akuda mumzinda wa Port Elizabeth, umene kuyambira 2021 ukutchedwa Gqeberha, m'chigawo cha Eastern Cape ku South Africa, ndipo mamembala ake adali aphunzitsi, makalaliki, antchito a m'mafakitale ndi amayi ogwira ntchito m'nyumba za azungu, anthu amene ankakumana madzulo ataweruka kuti ayeserere masewero. Gululi lidalibe holo yakeyake, lidalibe thumba la ndalama, ndipo malamulo a dzikolo sankavomereza n'komwe kuti munthu wakuda angakhale ndi ntchito yotchedwa kuchita zisudzo. Komabe patangotha zaka 12, awiri mwa mamembala ake adalandira mphotho yapamwamba ya zisudzo ku America, ndipo masewero awiri amene adatuluka m'gululi akuchitidwabe m'mayiko ambiri mpaka lero. Mphamvu ya zisudzo zawo idagona pa luso lotenga chinthu chimodzi chaching'ono cha m'moyo wa anthu a m'lokeshoni, monga jekete, chiphaso kapena bulangete la kundende, n'kuchiika pamaso pa oonerera mpaka iwo eni ataona kukula kwa nkhanza imene idabisala kuseri kwake.

Kuti nkhani ya gululi imveke bwino mpofunika kufotokoza kaye za chiphaso, popeza ndicho chidali goli lolemera pakhosi pa munthu wakuda mu ulamuliro umene chipani cha National Party chidakhazikitsa chitalowa m'boma mu 1948, ulamuliro umene m'chinenero cha Afrikaans unkatchedwa apartheid, kutanthauza kulekanitsa anthu potengera khungu lawo. Lamulo la mu 1952 lidati munthu wakuda aliyense wokwana zaka 16, poyamba amuna kenaka ndi amayi omwe, aziyenda ndi kabuku kokhala ndi chithunzi chake, nambala yake, zidindo zosonyeza kumene adaloledwa kukhala, siginecha ya bwana wake ndiponso umboni woti adakhoma msonkho, ndipo munthu amene sadabadwire m'tauni kapena kugwiramo ntchito zaka zambiri sankaloledwa kukhalamo maola opitirira 72 popanda chidindo. Eni ake ankakatcha kabukuka dompas, dzina lonyoza lotanthauza chiphaso chopusa. Pa 21 Marichi 1960 apolisi adawombera ndi kupha anthu 69 ku Sharpeville pa chionetsero chokana chiphasochi, boma lidaletsa zipani za ANC ndi PAC m'chaka chomwecho, ndipo pamene gulu la zisudzoli linkayamba, apolisi achitetezo adali kusesa malokeshoni a ku Eastern Cape, kumene ndale zotsutsa boma zidazika mizu kalekale, akumagwira amuna ambirimbiri n'kukawaweruza m'matauni ang'onoang'ono akutali ndi abale awo.

Anthu ambiri amaganiza kuti gululi adaliyambitsa ndi Athol Fugard, mlembi wachizungu amene adabadwa mu 1932 n'kukulira mu Port Elizabeth momwemo, koma zoona zake n'zakuti anthu a ku New Brighton ndiwo adapita kukagogoda pakhomo pake, motsogozedwa ndi Norman Ntshinga, kukamupempha kuti awathandize kukonza masewero, atamva mbiri ya sewero lake lotchedwa The Blood Knot limene adachita pamodzi ndi Zakes Mokae mu 1961. Fugard sadali mlendo pa nkhani ya chiphaso, pakuti mu 1958 adagwirapo ntchito ya ukalaliki pa khoti la ku Fordsburg mu Johannesburg, kumene milandu ya chiphaso inkaweruzidwa mothamanga ngati anthu akuwerenga matumba a chimanga, munthu aliyense mphindi zochepa chabe, ndipo zimene adaona kumeneko sizidamuchoke m'mutu. Dzina la gululi, limene limatanthauza ochita zisudzo a njoka, lidachokera pa malo amene adapatsidwa poyamba, nyumba yakale yosungiramo zinthu zochititsa chidwi imene idali ndi dzenje lomwe kale ankawetamo njoka zoonetsa alendo, ndipo iwo adaona kuti dzenje lopanda ntchitolo lingakhale bwalo la zisudzo, oonerera ataima m'mbali n'kumasuzumira pansi.

Masewero awo oyamba adali obwereka ku Ulaya. Adayamba ndi sewero loseketsa la Niccolò Machiavelli, limene adalisintha kuti lizichitikira m'lokeshoni n'kulitcha The Cure, kenaka adachita Woyzeck la Georg Büchner, The Caucasian Chalk Circle la Bertolt Brecht mu 1964, ndi Antigone la Sophocles mu 1965. Kusankha masewero akale chotere kudali nzeru yodzitetezera, chifukwa wapolisi sakadapeza mlandu pa nkhani imene idalembedwa ku Greece zaka zoposa 2,000 zapitazo, pamene munthu wa ku New Brighton ankamva bwinobwino amene akunenedwa, monga momwe nthano ya Kalulu imanenera mfumu yankhanza popanda kuitchula dzina. Koma chitetezo chimenechi sichidakwane. Welcome Duru adagwidwa kutangotsala masiku ochepa kuti sewero la Brecht lionetsedwe, Ntshinga adagwidwa akukonzekera Antigone, ndipo onse awiri adatumizidwa ku Robben Island, chilumba cha ndende chimene chili pafupi ndi Cape Town, pa milandu yokhudza zipani zoletsedwa. M'chaka chomwecho cha 1965 boma lidakhwimitsa lamulo loletsa akuda ndi azungu kuchita kapena kuonera zisudzo pamodzi popanda chilolezo, ndipo mu 1967 lidalanda Fugard pasipoti yake, imene lidamubwezera mu 1971.

Kumangidwa kwa anzawo ndiko kudatembenuza gululi kuti lisiye kubwereka nkhani n'kuyamba kukumba pakhomo. Mlandu wa Ntshinga udakaweruzidwa ku Cradock, ndipo mkazi wake Mabel Magada, amene adali woimba komanso membala wa gululi, adapita kukaumvera. Kumeneko bambo wina wachikulire wa ku New Brighton, amene nayenso adali atangolamulidwa kupita kundende, adavula jekete lake, chinthu chokhacho chimene adali nacho, n'kumupatsa mayiyu kuti akapereke kwa mkazi wake kunyumba pamodzi ndi uthenga woti akaligwiritse ntchito. Magada adalifikitsadi jeketelo, ndipo pa nkhani imeneyi gululi lidamanga sewero la mu 1966 lotchedwa The Coat, kutanthauza jekete.

Kakonzedwe ka seweroli n'koyenera kukafotokoza mwatsatanetsatane, chifukwa ndi mmene mudachokera zonse zimene gululi lidachita pambuyo pake. Atengambali amaonekera ngati gulu la anthu amene akuyeserera sewero, atatenga mayina a mbali zimene adachitapo m'masewero akale m'malo mwa mayina awo enieni, njira imene inkawabisanso kwa akazitape, ndipo amaika jekete pakati n'kuyamba kufunsana chimene mayi wosiyidwayo angachite nalo. Amayesa chochitika chimodzi, mayiyo akulandira jekete la mwamuna wake. Amaima n'kutsutsana ngati mayi weniweni wa ku New Brighton angalire pamenepo kapena angangokhala chete. Amayesa china, mwana wake wamwamuna akulipempha kuti akavale pokafuna ntchito. Amayesanso china, lendi yakwana, ndalama palibe, ndipo funso n'lakuti kodi agulitse jeketelo kapena atulutsidwe m'nyumba ndi ana. Palibe pamene sewerolo limatchula nduna kapena chipani, koma woonerera amatuluka akudziwa mtengo wa lendi, kuchepa kwa malipiro a mayi wochapa zovala za azungu, ndi kutalika kwa zaka zimene banja lidzadikira. Oyamba kulionera adali azungu okonda zisudzo a mu Port Elizabeth, anthu amene ambiri mwa iwo adali ndi antchito ochokera ku New Brighton koma sadapondeko phazi kumeneko.

M'zaka zomwezo m'gululi mudalowa anyamata awiri amene adadzatchukitsa dzina lake. John Kani, amene ankagwira ntchito pa fakitale ya magalimoto ya Ford, adalowa mu 1965, ndipo Winston Ntshona, mnzake wa kusukulu, adamutsatira patapita zaka ziwiri. Mu 1972 awiriwa adasiya ntchito zawo kuti azidya za zisudzo zokha, chinthu chimene chidali ngati kudziponya m'madzi akuya, pakuti munthu wakuda wopanda bwana womusainira chiphaso ankatengedwa ngati lova woyenera kuthamangitsidwa m'tauni. Pofuna kuzemba msampha umenewu adalembetsa ku boma ngati antchito a pakhomo pa Fugard, wina dalaivala wina wosamalira maluwa. Pa nthawiyi Fugard adali atakopeka ndi maganizo a Jerzy Grotowski wa ku Poland, amene buku lake la mu 1968 lidalimbikitsa chimene adachitcha zisudzo zaumphawi, kutanthauza zisudzo zimene zimataya zokongoletsa, zovala zodula ndi makina, n'kutsala ndi thupi ndi mawu a mtengambali basi. Kwa Grotowski umphawiwo udali wochita kusankha, pamene kwa anthu a ku New Brighton udali chikhalire chawo, ndipo mwina n'chifukwa chake m'manja mwawo njirayi idabala zipatso zimene munthu wamba ankatha kuzimva kukoma.

Sewero la Sizwe Banzi Is Dead lidaonetsedwa koyamba pa 8 Okutobala 1972 ku The Space, kanyumba ka zisudzo ka mu Cape Town kamene Brian Astbury ndi Yvonne Bryceland adatsegula chaka chomwecho, ndipo kankalola anthu a mitundu yonse kukhala pamodzi. Atatuwa, Fugard, Kani ndi Ntshona, adalipanga poyeserera ndi kukambirana, kuyambira pa chithunzi cha bambo wina wovala suti yatsopano amene ankamwetulira atagwira kaliwo ndi ndudu nthawi imodzi, ndipo funso lawo lidali lakuti n'chiyani chingasangalatse munthu wakuda chotero m'dziko ngati limenelo. Yankho limene adapeza lidali lakuti chiphaso chake chiyenera kuti chili bwino.

Sewerolo limayamba ndi Styles, wojambula zithunzi wa ku New Brighton, akuwerenga nyuzipepala n'kumacheza ndi oonerera, ndipo Kani ankagwiritsa ntchito nyuzipepala ya tsiku lomwelo, kotero kuti gawoli linkasintha usiku uliwonse. Styles amasimba za tsiku limene mwini kampani ya Ford adabwera kuchokera ku America kudzayendera fakitale, mmene mabwana adalamulira kuti pansi pakolopedwe, zikwangwani zochenjeza za ngozi zipentedwe ndipo antchito apatsidwe maovololo atsopano n'kuuzidwa kuti azimwetulira, mmene iye monga womasulira ankapotozera mawu a bwana m'Chixhosa kuti anzake aseke, ndiponso mmene mlendoyo adangolowa n'kutuluka osayang'ana munthu, makina n'kuthamangitsidwa kuti abweze nthawi imene idatayika. Anthu amaseka mpaka misozi, ndipo ali m'kati moseka amalowa bambo wamanyazi atanyamula chipewa chatsopano, kudzajambulitsa chithunzi choti atumizire mkazi wake Nowetu ku King William's Town. Akafunsidwa dzina amazengereza kaye, kenaka amati ndi Robert Zwelinzima.

Kuzengereza kumeneko ndiye phata la sewero lonse. Bamboyu ndi Sizwe Banzi, amene adasiya mkazi ndi ana anayi kumudzi kudzafuna ntchito, koma chiphaso chake chidadindidwa kuti achoke mu Port Elizabeth pasanathe masiku atatu, ndipo popeza sadziwa kuwerenga, adadziwa mochedwa zimene chidindocho chinkanena. Buntu, munthu amene adamusunga, amamufotokozera njira zonse zimene angayese, kutaya kabukuko, kufuna ntchito ya m'nyumba, kugulitsa mbatata, n'kumuonetsa mmene njira iliyonse imathera pa ofesi ina yofuna chidindo china. Usiku akuchokera ku shabini, Buntu amapatukira m'kanjira kuti ataye madzi ndipo amapeza mtembo wa munthu wobayidwa, m'thumba mwake muli chiphaso chokhala ndi chilolezo chofunira ntchito. Kunyumba Buntu amamatula zithunzi ziwirizo n'kuzisinthanitsa, ndipo amayamba kumuphunzitsa Sizwe nambala ya malemuyo, akumamufunsa ngati wapolisi, ngati kalaliki wolipira malipiro, ngati mbusa, mpaka nambalayo italowa m'mutu. Sizwe amakana poyamba, akudandaula za dzina limene adamupatsa bambo ake, limenenso mkazi wake ndi ana ake amadziwika nalo, koma njala ya ana imamugonjetsa. Mayina enieniwo ali ndi katundu: m'Chixhosa Sizwe Banzi ndi mtundu waukulu, Zwelinzima ndi dziko lolemera kulisenza, ndipo Buntu ndi liwu lomwe lija limene m'Chichewa limati umunthu. Mtundu waukulu uyenera kufa papepala kuti munthu mmodzi apeze chakudya, ndipo amene akumulangiza kutero, mpaka kusiya mtembo m'kanjira osauza abale ake, ndi munthu wotchedwa umunthu.

Padapita pafupifupi zaka ziwiri sewerolo lisadaonetsedwe poyera ku New Brighton kwenikweniko, ndipo zimene zidachitika litafika mu holo ya St Stephen's, monga adazilembera Fugard, zimasonyeza chimene zisudzo zotere zimatha kuchita. Pamene Buntu ankasinthanitsa zithunzi, mlandu umene aliyense mu holomo ankadziwa chilango chake, munthu wina adakuwa kumuchenjeza kuti asatero chifukwa adzagwidwa, wina adayankha pomwepo kuti apitirize popeza iye mwini adachitapo zomwezo ndipo sadagwidwe, ndipo mtsutso udabuka mu holo monse mpaka sewero lidaima kuti anthu alankhule. Atengambali sadauze anthu chochita. Adangowaikira mlandu pabwalo, monga nyakwawa imayalira nkhani pamaso pa mudzi, ndipo anthu amene sankaloledwa kuchita msonkhano wa ndale adapezeka akukambirana poyera ngati kuli koyenera kuthyola lamulo.

Sewero lachiwiri lidabadwa kuchokera ku zimene mamembala omangidwa aja adasimba za ku Robben Island, kuphatikizapo nkhani yakuti membala wina wa gululi adachita Antigone m'ndendemo pamaso pa akaidi ndi asilikali, atangolikumbukira pamtima. Lamulo la ndende la mu 1959 linkaopseza aliyense wofalitsa za moyo wa m'ndende, choncho sewerolo litaonetsedwa koyamba ku The Space mu Julayi 1973 lidatchedwa Die Hodoshe Span, kutanthauza gulu la Hodoshe, ndipo silidalembedwe papepala kuti apolisi asapeze umboni. Dzina lakuti The Island, kutanthauza chilumba, lidadza litatuluka kunja kwa dziko. Hodoshe ndi ntchentche yobiriwira imene imatera pa zowola, dzina limene akaidi adapatsa msilikali wina wankhanza, ndipo m'seweromo msilikaliyu saoneka, amangomveka ndi wezulo.

Chiyambi cha The Island chilibe mawu. Kwa mphindi zambiri amuna awiri ovala makabudula a kundende amakumba mchenga ndi mafosholo osaoneka, aliyense amadzaza wilibala yosaonekanso, amaikankha movutika n'kukakhuthula pamene mnzake akukumba, kotero kuti ntchito ya wina ndiyo chilango cha mnzake ndipo mulu sutha. Thukuta lokha ndilo limakhala lenileni. Kenaka amamangidwa pamodzi, amathamangitsidwa, amamenyedwa, ndipo akaponyedwa m'chipinda chawo amapukutana mabala ndi kansanza. Atengambali adasunga mayina awo enieni, John ndi Winston. John akufuna kuti achite mlandu wa Antigone pa chisangalalo cha akaidi, nkhani ya mtsikana amene adaika maliro a mlongo wake ngakhale mfumu Creon idalamula kuti mtembowo usiyidwe pamtetete chifukwa mwini wake adaukira boma, nkhani imene munthu aliyense wodziwa kulemera kwa mwambo wa maliro saifunira womasulira. Winston akukana kuvala wigi ya chingwe ndi mabere oyerekeza poopa kusekedwa. Ali m'kati mokangana, John amaitanidwa ku ofesi n'kuuzidwa kuti apilo yake yatheka, zaka 10 zatsitsidwa kufika pa zitatu, ndipo kwamutsalira miyezi itatu yokha, pamene Winston, amene adawotcha chiphaso chake pamaso pa apolisi, adalamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse.

Apa ndi pamene gululi lidaonetsa kulimba mtima kumene masewero ambiri a ndale alibe, pakuti lidalola womenyera ufulu kuchita nsanje. Winston amamuwerengera John zonse zimene akazipeze kunja, mowa, akazi, anzake, mwaukali woti ufulu wa mnzakeyo ukumununkhira, ndipo amatchula mkaidi wokalamba Harry amene wasema miyala zaka zambiri mpaka kuiwala chimene adamangidwira, n'kuvomera kuti iyenso adzatero. Akatha kulankhula zimenezi ndi pamene amavala wigi ija. Pa mapeto oonerera amasanduka akaidi ndi asilikali a pa chisangalalo chija, John ali Creon woteteza lamulo la boma, Winston ali Antigone wovomera mlandu koma wokana kuti adalakwa, ndipo chigamulo chikaperekedwa Winston amavula wigi n'kulankhula monga mwini wake. Nelson Mandela, amene adakhala pa chilumbacho kuyambira 1964 mpaka 1982, adalemba m'buku la mbiri ya moyo wake kuti iyenso adachitapo mbali ya Creon pamene akaidi a m'chigawo chake adachita sewero lomweli.

Masewero awiriwa adapita ku Royal Court Theatre mu London kumapeto kwa 1973 ndi kuchiyambi kwa 1974, adasindikizidwa m'buku mu 1974, adafika ku New York chaka chomwecho, ndipo mu 1975 Kani ndi Ntshona adalandira limodzi mphotho ya Tony ya mtengambali wamwamuna wopambana. Kutchuka sikudawatchinjirize kwawo. Mu Okutobala 1976, chaka chimene ana asukulu adaukira ku Soweto, awiriwa adagwidwa atachita Sizwe Banzi ku Butterworth m'dera la Transkei, limodzi mwa madera amene boma la tsankho lidapatula kuti likhale dziko la anthu akuda pofuna kuwalanda unzika wa South Africa, ndipo akuluakulu a derali, motsogozedwa ndi Kaiser Matanzima, sadakondwe ndi mmene sewerolo linkanyozera ufulu wongopatsidwa ngati umenewo kutangotsala masiku kuti aulandire. Adatsekeredwa pafupifupi masabata awiri, ndipo adatulutsidwa ochita zisudzo a ku London ndi New York atachita zionetsero.

Gululi silidasowe odzudzula, ndipo zina mwa zimene adanena zili ndi mutu. Achinyamata a gulu la Black Consciousness, limene linkaphunzitsa kuti munthu wakuda adzimasule yekha kuyambira m'maganizo popanda kutsogozedwa ndi mzungu, ankakayikira ntchito iliyonse yokhala ndi mzungu pakati, ndipo ena ankati Sizwe Banzi limaphunzitsa kuzemba m'malo molimbana. Masewerowa adali m'Chingerezi chothiridwa Chixhosa ndi Afrikaans pang'ono, chimene chidawatsegulira zitseko kunja koma n'kuwachepetsera oonerera m'malokeshoni, kumene khamu linkakhamukira ku masewero a nyimbo ndi magule a Gibson Kente. Dandaulo loti Sizwe adagonja silolimba kwenikweni, chifukwa sewerolo silibisa kuti chinyengocho chidzaululika tsiku limene apolisi adzamudinde zala, ndipo woonerera amatuluka atakwiyira lamulo, osati atasirira kuchenjera kwa Buntu. Dandaulo lolemera ndi la umwini. Ngakhale buku loyamba lidalemba mayina onse atatu, m'masukulu ndi m'manyuzipepala ambiri masewerowa adakhala akutchedwa a Fugard, pamene fakitale ya Ford idali ya m'moyo wa Kani ndipo chiphaso chidali m'thumba mwa Ntshona. Ndipo kuseri kwa atatu otchukawo kuli Ntshinga, Duru, Magada, Nomhle Nkonyeni ndi ena, amene ena mwa iwo adalipira ndi zaka za moyo wawo nkhani zimene zidakaomberedwa m'manja ku New York. Mbiri yolungama ya gululi iyenera kuyambira pa iwowa.

Malamulo a chiphaso adathetsedwa mu 1986, ndipo boma la tsankho lidatha ndi chisankho cha mu 1994, koma Kani ndi Ntshona adapitiriza kuchita masewero awiriwa mpaka atakalamba, ndipo achinyamata ambiri lero amamudziwa Kani ngati mfumu T'Chaka ya mufilimu ya Black Panther ya mu 2018 osadziwa kuti adalembedwapo ngati wantchito wa pakhomo kuti apeze mpata wochita zisudzo. Ntshona adamwalira mu Ogasiti 2018, Nkonyeni mu 2019, ndipo Fugard pa 8 Marichi 2025.

Nkhani ya Sizwe Banzi si yachilendo kwa Amalawi. Pamene sewerolo linkaonetsedwa koyamba, Amalawi oposa 100,000 adali m'migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, mpaka pamene ndege yake idagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, boma la Dr Banda n'kuimitsa ulendowo. Ndipo liwu lakuti matchona, lonena za amene adapita osabwerako, lidalowa m'chinenero chifukwa cha maulendo ngati amenewa. Lero anyamata ndi atsikana a ku Mangochi, Mzimba ndi Nkhata Bay akukwerabe mabasi a ku Joni, ambiri amakhala masiku awo atatha m'pasipoti, ena amagwira ntchito ndi mapepala a munthu wina, ndipo ogwidwa amakasungidwa ku Lindela, pafupi ndi Krugersdorp, kudikira kubwezedwa kwawo. Zisudzo zambiri za m'Malawi zokamba za mavuto a anthu zimakonzedwa ndi thandizo la mabungwe, ndipo kawirikawiri zimafika pabwalo yankho lili kale m'thumba, mtengambali womaliza n'kuuza anthu chimene ayenera kuchita. Ntchito imeneyi ili ndi malo ake, koma siibutsa mtsutso ngati uja wa mu holo ya St Stephen's. Sewero la Sizwe Banzi limafuna amuna awiri, tebulo, mpando, kamera ndi timabuku tiwiri, zinthu zimene gulu lililonse la zisudzo ku Blantyre, Zomba, Lilongwe kapena Mzuzu lingazipeze tsiku limodzi. Pakufunika gulu loti lipemphe chilolezo kwa eni ake, lilimasulire m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitumbuka, ndipo likalionetse m'maboma amene mabasi a ku Joni amanyamukira, pamaso pa amayi amene akudikira kalata ngati ya Nowetu.